Makomiti okonza kagwiritsidwe ntchito ka malo ku Chipinge ndi Honde Valley

M'dziko la Zimbabwe, mphamvu zogamula pomwe payenera kukhala nyumba, minda, msika kapena msewu zili m'manja mwa makhonsolo, potsatira lamulo la Regional, Town and Country Planning Act la chaka cha 1976. Dera la Gaza, lomwe kumakhala anthu ambiri m'tauni ya Chipinge, lili pansi pa khonsolo ya tauniyo. Minda ya tiyi yozungulira tauniyo ili pansi pa khonsolo ya m'midzi ya Chipinge, pomwe chigwa cha Honde chili m'boma la Mutasa. Madera onsewa ali m'chigawo cha Manicaland, kumalire ndi dziko la Mozambique.

Munthu wamba wofuna kutengapo mbali amalowera m'makomiti achitukuko omwe adakhazikitsidwa mu 1984: wa m'mudzi, wotchedwa VIDCO, ndi wa wadi, wotchedwa WADCO. Makomitiwa amafanana ndi a VDC ndi ADC a ku Malawi, ndipo mamembala ake amagwira ntchito mongodzipereka, popanda malipiro. Iwo amasonkhanitsa zofuna za anthu pa nkhani ya malo odyetsera ziweto, zitsime ndi nkhalango, komanso amakumbutsa alimi kuti lamulo limaletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje. Lamulo la mafumu la 1998 lidaika nyakwawa, yomwe m'Chishona imatchedwa sabhuku, pampando wa komiti ya m'mudzi. Wa wadi amatsogoleredwa ndi khansala.

Komabe mphamvu za makomitiwa ndi zochepa. Amangopereka maganizo, ndipo chigamulo chimachokera ku khonsolo. Lamulo la Communal Land Act la 1982 lidaika malo a m'midzi m'dzina la mtsogoleri wa dziko, ndipo khonsolo ndiyo imavomereza kagawidwe kake pofunsana ndi mfumu.

Vuto lalikulu lili m'maesiteti a tiyi, monga Ratelshoek ku Chipinge ndi Aberfoyle ku Honde. Antchito akumeneko, omwe ena mwa iwo makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, amakhala m'nyumba za kampani pa malo omwe sali pansi pa nyakwawa iliyonse. Kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, antchito a m'mafamu sankaponya voti posankha makhansala. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudachotsanso ambiri m'kaundula wa ovota, kufikira pomwe malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Ngakhale zili tero, wantchito akapuma pa ntchito nyumba imabwerera kwa eni esiteti, ndipo kuti apeze pomanga ayenera kupempha kwa nyakwawa ya mudzi womwe sadabadwiremo kapena kulembetsa kukhonsolo n'kudikira.

Kufunika kwa zigamulozi kudaonekera mu Malichi 2019, pomwe namondwe wa Idai adagumula mapiri m'boma loyandikana nalo la Chimanimani n'kukwirira nyumba za ku Ngangu, zomwe zidamangidwa m'tsinde mwa phiri.