Chilonda Chosaoneka ndi Maso

M'maŵa wa pa 18 Okutobala 1916, m'dziko la France, asilikali a ku Britain adaombera ndi kupha mnzawo Harry Farr, wa zaka 25, bwalo la asilikali litampeza wolakwa pa mlandu wa mantha. Chaka cha m'mbuyo mwake mnyamatayu adagona m'chipatala miyezi isanu chifukwa phokoso la mizinga lidamusokoneza kwambiri. Atambwezera kunkhondo, nthendayo idayambiranso pa nkhondo ya ku Somme, iye nakana kupita kutsogolo kumene kunkaphulika mabomba. Akuluakulu sadaone chilonda pathupi pake, choncho adagamula kuti ngwamantha.

Komatu madotolo anali atayamba kale kuizindikira nthendayi. M'chaka cha 1915 Charles Myers adalemba za iyo naitchula kuti "shell shock", pakuti ambiri ankaganiza kuti kuphulika kwa mabomba kumagwedeza ubongo. Pambuyo pake kudadziŵika kuti ngakhale asilikali amene bomba silidaŵagwere pafupi ankadwala chimodzimodzi: kulota zoopsa, kudzidzimuka, kunjenjemera ndi kusoŵa tulo.

Odwalaŵa ankalangizidwa kuti angoiŵala zonse. Koma m'chaka cha 1917, pa chipatala cha Craiglockhart ku Scotland, dotolo W. H. R. Rivers adaona kuti zimene munthu amazibisa mumtima usana zimambwerera m'maloto usiku. Motero iye ankakhala nawo pansi, naŵalimbikitsa kufotokoza zimene adaona, ndipo ambiri adayamba kupeza bwino.

Padapita zaka zambiri mpaka 1980, pamene bungwe la madotolo a matenda a maganizo ku America, litamva madandaulo a asilikali ochokera ku nkhondo ya ku Vietnam, lidavomereza nthendayi ndi kuipatsa dzina lakuti PTSD. Kudadziŵikanso kuti sigwira asilikali okha, komanso opulumuka pa ngozi, pa madzi osefukira ndiponso ogwiriridwa. M'chaka cha 2006 boma la Britain lidakhululukira Farr pamodzi ndi anzake, onse 306, mwana wake wamkazi akali moyo.

Mbiri imeneyi iphunzitsa kuti munthu amene zoopsa zikumbwererabe m'maganizo patapita mwezi wathunthu sali wamantha kapena wolodzedwa, koma ngwodwala. Ayenera kupeza mbale womumvera modekha, osamuseka, ndi womperekeza kuchipatala kumene kuli odziŵa za matenda a maganizo, pakuti nthendayi imachizika.