Mabwalo a mpira, eni matimu ndi kugulitsa osewera

Timu ya mpira imaima pa zinthu zitatu: bwalo losewerera, osewera, ndi ndalama zoyendetsera zonsezi. Kawirikawiri zitatuzi sizikhala m'manja mwa munthu mmodzi. Bwalo limamangidwa ndi ndalama za boma, timu imakhala ya kampani kapena ya munthu wolemera, ndipo wosewera akatchuka amagulitsidwa kunja, ndalama n'kulowa m'thumba la timu. Nkhaniyi ikukhudza mlimi wa ku Etatara, Mandimba ndi Ngauma, chifukwa ndalama za boma zimachokera ku misonkho, ndiponso anyamata amene magulu akuluakulu amawafuna amayambira pa mabwalo afumbi a kumudzi.

Eni matimu ndani?

Ku Mozambiki kuno matimu ambiri akuluakulu amadalira makampani a boma. Matimu otchedwa Ferroviário, monga a ku Maputo, Beira, Nampula, Nacala ndi Lichinga, ndi a banja la kampani ya njanji ndi madoko ya CFM. Timu ya União Desportiva do Songo ya m'chigawo cha Tete imathandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, ndipo inatenga chikho cha Moçambola mu 2017 ndi 2018. Choncho ngakhale ndalama za matimuwa sizichokera mwachindunji ku msonkho, zimatuluka m'chuma cha anthu onse.

Palinso matimu a anthu paokha. Yodziwika kwambiri ndi Associação Black Bulls ya ku Tchumene, mumzinda wa Matola, yotsogoleredwa ndi wamalonda Junaide Lalgy. Timuyi inapambana Moçambola mu 2021, chaka chake choyamba m'ligiyo. Inadzimangira malo akeake osewerera ndi ophunzitsira ana, ndipo kulera osewera n'kuwagulitsa ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya ntchito yake.

Kutsidya kwa malire, ku Malawi, timu ya Big Bullets ili m'manja mwa kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing Company. Iyo ndi mnzake wopikisana naye, Mighty Wanderers, akhala akusewerera pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, lomwe ndi bwalo la boma.

Amalipira bwalo ndani?

Bwalo la Machava, pomwe Samora Machel analengeza ufulu wa dziko pa 25 Juni 1975, linatsegulidwa mu 1968 ndipo ndi la Ferroviário de Maputo. Bwalo la dziko lonse la Zimpeto ku Maputo linatsegulidwa mu Epulo 2011, ndi ndalama zochokera ku China, pokonzekera masewero a maiko a mu Africa omwe anachitika mumzindawo chaka chomwecho. Mumalowa anthu pafupifupi 42,000. Ku Lilongwe, Bingu National Stadium inatsegulidwa mu Januwale 2017. Inamangidwa ndi ngongole ya ku China ya pafupifupi madola 70 miliyoni, ndipo mumalowa anthu pafupifupi 41,000. Ngongole yotere imabwezedwa ndi nzika zonse, kuphatikizapo amene sanafikepo pabwalopo.

Kumanga ndi gawo loyamba chabe. Bwalo limafuna kapinga wosamalidwa, madzi, magetsi, zimbudzi ndi alonda chaka ndi chaka. Zimenezi zikalephereka, bungwe la mpira mu Africa la CAF limaletsa masewero a maiko pabwalopo. Mu 2021, pa mipikisano yolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse, Malawi ndi Mozambiki zinakumana kawiri, koma osati ku Lilongwe kapena ku Maputo. Masewero oyamba anachitikira ku Johannesburg mu Seputembala, achiwiri ku Cotonou, m'dziko la Benin, mu Novembala. Maiko onse awiri anali ndi mabwalo osakwana zaka khumi ndi chimodzi, komabe analipira ndege, mahotela ndi bwalo lobwereka, ochemerera n'kutsala kunyumba.

Mkangano waukulu umabuka boma likafuna kumangira bwalo timu imene ili ndi mwini wake. Mu 2019, chaka cha chisankho, pulezidenti wa Malawi Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo ku Blantyre, ndipo ndalama zokwana K1.6 biliyoni zinaikidwa m'ndondomeko ya chuma ya 2019/20. Ogwirizana nazo ankati matimu awiriwa amakondedwa ndi anthu m'dziko lonse. Otsutsa ankafunsa chifukwa chake msonkho umangire chuma timu ya kampani pomwe zipatala zikusowa mankhwala. Boma linasintha mu 2020, ndipo ntchitoyo inaima kwa zaka.

Zomwe zinachitika ku America

Ku United States kuli masewero otchedwa baseball, omenya kampira ndi chibonga, ndipo kumeneko nkhaniyi inaonekera poyera. Mumzinda wa Miami, timu ya Marlins inalowa m'bwalo latsopano mu 2012, lomwe gawo lalikulu la mtengo wake linalipiridwa ndi ndalama za anthu. Mu Novembala chaka chomwecho, mwini wake Jeffrey Loria analola kuti osewera ake otchuka, monga José Reyes ndi Mark Buehrle, apite ku timu ya ku Toronto, motero anachepetsa malipiro. Mu 2017 anagulitsa timuyo pa madola 1.2 biliyoni. Timu ina, Athletics, inachotsa akatswiri ake Matt Olson ndi Matt Chapman mu 2022. Mu 2023 chigawo cha Nevada chinavomera kupereka madola mpaka 380 miliyoni omangira bwalo ku Las Vegas, ndipo kumapeto kwa 2024 timuyo inachoka ku Oakland komwe inakhala kuyambira 1968. Pa nkhani zonse ziwiri, bwalo la ndalama za anthu linakweza mtengo wa timu, koma panalibe pangano lokakamiza mwini timu kusunga osewera abwino.

N'chifukwa chiyani matimu amagulitsa akatswiri?

Kuno kwathu zifukwa zake n'zosiyanako. Ndalama za pakhomo la bwalo n'zochepa, maulendo a Moçambola ndi aatali, ndipo timu ya ku Lichinga ikamakasewera ku Maputo imafunika ndege. Wosewera naye amafuna malipiro omwe timu ya kuno singakwanitse. Komanso mgwirizano wake ukatha, amachoka ulele, timu osalandira mtengo wogulitsira. N'chifukwa chake matimu amagulitsa mgwirizano usanathe, monga mlimi amagulitsira ng'ombe ikadali yonenepa.

Njira imeneyi ndi yakale. Eusébio anachoka ku Sporting ya ku Lourenço Marques kupita ku Benfica mu Disembala 1960, ndipo mu 1965 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana ku Ulaya. Reinildo Mandava, wa ku Beira, anadzera ku Portugal, anatenga chikho cha France ndi Lille mu 2021, n'kupita ku Atlético de Madrid mu 2022. Geny Catamo anachokera ku Black Bulls, nadzera ku Amora, n'kufika ku Sporting ya ku Lisbon. Gabadinho Mhango anachoka ku Big Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic ya ku South Africa mu 2013.

Gawo la timu imene inalera wosewera

Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina mgwirizano wake usanathe, magawo 5 pa 100 a mtengowo agawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Chaka chilichonse cha zaka 12 mpaka 15 chimapatsa timu 0.25 pa 100 ya mtengo wonse, ndipo chaka chilichonse cha zaka 16 mpaka 23 chimapatsa 0.5 pa 100. Tiyerekeze kuti wosewera wagulidwa ndi mameticais 10 miliyoni: ogawidwa ndi 500,000, ndipo timu imene inamusunga zaka zinayi zoyambirirazo ilandira 100,000.

Ndalamazi zimatsata zolembedwa. Timu ya ku Cuamba kapena ku Mandimba imene sinalembetse ku bungwe la mpira la chigawo, lomwe lili pansi pa Federação Moçambicana de Futebol, kapena imene sinalembetse mwanayo, ilibe umboni woti inamulera. Ana a m'malire amene amasewera mbali zonse ziwiri, lero ku Mandimba mawa ku Chiponde, ndiwo amasowa kwambiri m'mabuku. Makolo adziwenso kuti FIFA imaletsa kusamutsira kunja wosewera wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulo. Munthu wopempha ndalama kwa makolo kuti apititse mwana wa zaka 15 ku timu ya ku Ulaya ayenera kukayikiridwa.

Zofunsa boma likalonjeza bwalo

Nkhani ya bwalo ikafika ku khonsolo ya mzinda kapena ku Conselho Consultivo ya boma lanu, pali mafunso oyenera kufunsidwa ntchito isanayambe. Ndalama zake ndi mphatso kapena ngongole? Malowo alembedwa m'dzina la ndani, ndipo amene minda yawo itengedwe alipiridwa bwanji? Adzalipira ndani madzi, magetsi ndi kapinga? Timu yosewerapo idzapereka lendi kapena gawo la ndalama za pakhomo? Masukulu ndi matimu a m'midzi adzaloledwa kusewerapo? Mayankho ake alembedwe m'pangano loti aliyense angathe kuliwerenga, chifukwa lonjezo la pamsonkhano limatha kuiwalika atsogoleri akasintha, pomwe ngongole imatsala.