Kanyumba ka Nsichi Kuseri kwa Tchalitchi

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, maso a ambiri ali pa tchalitchi cha njerwa ndi malata. Koma kuseri kwake kudakali kanyumba ka mitengo ndi dothi mmene makolo athu anayambira kupemphera, ndipo ena akuti kagwetsedwe kuti bwalo likule. Abale ndi alongo, tisananyamule nkhwangwa, tiyambe taona kumene mamangidwe amenewa anachokera.

Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, pa 5 July 1899. Kuchokera kumeneko ntchito inalowera kumadzulo, kudziko la Ansenga: Nyanje mu 1905, Hofmeyr chakuno ku Nyimba mu 1914, kenako Merwe. Akatolika nawo anatsegula Minga mu 1923. Msewu wa tala kunalibe, ndipo katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Njerwa zisanaotchedwe, mmishoni, mphunzitsi ndi mlaliki ankagona m'nyumba zonga za m'mudzi. Mabuku anasunga mayina a azungu, koma odula mitengo ndi oponda dothi anali agogo athu, ndipo luso lonse linali lawo.

Luso limeneli silinali lamasewera. Amuna ankasankha nsichi za tsanya kapena muwanga, mitengo yolimba imene chiswe chimailephera kwa zaka zambiri. Ankazizika m'maenje, n'kuzimanga ndi mbariro ndi luzi. Pamwamba ankayala phaso n'kufolera udzu, tsindwi likutuluka kunja ndithu kuti mvula isamenye khoma. Amayi ankatunga madzi, kumata ndi kuzira pansi mpaka pachite see. Panalibe msomali ngakhale umodzi. Masukulu a m'midzi ankamangidwa chomwecho: mkati mwa sabata ana ankaphunziramo kuwerenga, Lamulungu n'kukhala nyumba ya mapemphero. Mipando inali zipika chabe, ndipo akuluakulu ena pakati pathu misana yawo ikukumbukirabe.

Nanga n'chifukwa chiyani nyumba zotere zatsala zochepa? Kale mudzi sunkakhalitsa pamalo amodzi. Nthaka ikaguga anthu ankasamuka, nyumba n'kusanduka bwinja. Zotsala zinatha ndi moto wa m'chilimwe, chiswe ndi kudontha. Nyumba ya dothi imayamba kufa kutsindwi: udzu ukaola, dzinja limodzi kapena awiri khoma lasungunuka. Ngakhale tchalitchi cha Niamkolo ku Mpulungu, chimene a London Missionary Society anamanga m'zaka za m'ma 1890, chinatsala makoma okha, ndipo chinapulumuka chifukwa n'cha miyala. Makoma a dothi alibe mwayi wotere.

Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limawerengera ngati zamakedzana zinthu zomangidwa chisanafike chaka cha 1924. Kanyumba kathu n'kamwana poyerekeza ndi zimenezo, choncho tisayembekeze kuti wina achoke ku Lusaka kudzakafolera. Ntchitoyi ndi yathu, ndipo ine ndikuona kuti siyolemetsa. Pamafunika kulambula mozungulira moto usanayambe, kukumba ngalande ya madzi, kugwetsa tinjira ta chiswe tikangooneka ndi kukonza udzu pakapita zaka zingapo. Nsichi imene yaola yokha ndiyo ichotsedwe, ina ya mtengo womwewo ilowe m'malo mwake. Tisakapake simenti pofuna kukakongoletsa, chifukwa simenti imatsekera chinyontho mkati, mitengo n'kumaola mobisika.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi anthu. Amisiri odziwa kufolera bwino mumpingo muno akalamba, ndipo tsanya wowongoka akusowa chifukwa cha makala. Udzu umamwetedwa mu June ndi July, tchire lisanapse. Achinyamata amene adzapite kukamweta chaka chamawa adzatengane ndi madala amenewa, akaone okha mmene luzi limamangidwira.