Kufufuza Zolembedwa za Munthu Amene Watuluka M'ndende

Mkaidi akabwerera kumudzi zaka zake zisanakwane, sindiye kuti wathawa. Lamulo limalola kuchotsera mkaidi wamakhalidwe abwino gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Ena amakhululukidwa ndi Mtsogoleri wa dziko potsatira gawo 89 la Malamulo Aakulu a dziko lino, pomwe ena amamasulidwa ndi khoti akapambana apilo.

Anthu a ku Thambani ofuna kutsimikiza adziwe kuti chigamulo chimasungidwa kukhoti lomwe linazenga mlanduwo, monga khoti la majisitireti pa Boma la Mwanza. Tsiku lotuluka limalembedwa m'kaundula wa ndende yomwe munthuyo ankasungidwako.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakulolani kupempha zolembedwazi. Polemba kalata, tchulani dzina lonse la munthuyo, nambala ya mlandu ndi chaka chake. Yankho liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, koma zinsinsi za munthu, monga matenda, zimatetezedwa. Mukakanizidwa, mutha kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Ngati mukukayikabe, kaneneni kupolisi, musamuchitire nkhanza.