Magetsi a ku Songo anadziwa njira ya ku Johannesburg asanadziwe ya ku Balaka

Tsegulani mapu pafoni yanuyo muyang'ane kumadzulo kwa Mwanza. Mukadutsa chipata cha Zobue mwalowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tsatani mtsinje wa Zambezi chokwera, mupeza tauni yaing'ono ya Songo, ndipo pambali pake pali damu la Cahora Bassa. Pansi pa phiri pamenepo pali makina asanu opukusa magetsi, alionse a mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Makina amodzi okha mwa asanuwo amaposa zonse zimene Nkula, Tedzani ndi Kapichira amapukusa mukaziphatikiza. Komatu kwa zaka zambiri magetsi amenewa akhala akuyenda mtunda wa makilomita oposa 1,400 kupita ku South Africa, ife oyandikana nawo tikugula makandulo. Zinatheka bwanji?

Poyamba mumvetse mtundu wa katunduyu. Chimanga mukakolola chambiri mumaika m'nkhokwe, n'kudikira kuti mtengo ukwere. Magetsi ochuluka chonchi alibe nkhokwe. Amene mukutchajira foni panopa apukusidwa mphindi yomwe ino, ndipo nthawi zonse opukusidwa ayenera kulingana ndi amene akugwiritsidwa ntchito. Zikasiyana kwambiri, makina amadziteteza pozima okha, dziko lonse n'kuchita mdima. Ndiye palibe banki imene ingakongoze ndalama zomangira damu lalikulu isanaone zinthu ziwiri: wogula amene wasaina kuti azigula kwa zaka zambiri, ndi nthambo yofika pakhomo pa wogulayo.

Mu 1969, pamene boma la Portugal linkasaina mapangano omanga damuli, Mozambique inalibe mafakitale oti n'kumeza magetsi onsewo. Wogula wamphamvu m'chigawo chonse chino anali mmodzi basi, kampani ya magetsi ya boma la tsankho la South Africa, imene migodi ndi mafakitale zinkaidalira. (Nthawi imeneyo nayonso inkatchedwa Escom ngati yathuyi, dzina la Eskom linabwera mu 1987.) Panalinso ndale. Apwitikizi ankafuna kuonetsa kuti sakuchoka mu Africa, ndipo South Africa inkafuna mnansi wachizungu kumpoto kwake. A FRELIMO analiona damuli ngati linga la atsamunda, ndipo anali atayamba kale nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968. Anthu masauzande ambiri a m'mbali mwa Zambezi anasamutsidwa mokakamiza, minda ndi manda awo n'kumira m'madzi. 

Nthambo imene anamanga ndi yomwe ikufotokoza bwino nkhani yonseyi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mtundu wa AC, amene ndi osavuta kuwatsitsa mphamvu ndi thiransifoma n'kupatutsira mudzi uliwonse. Koma pamtunda wautali kwambiri, a mtundu wa DC ndiwo sataya mphamvu yambiri panjira. Choncho ku Songo anaika makina osandutsa AC kukhala DC, ndipo kumapeto kwake, pamalo otchedwa Apollo pafupi ndi Johannesburg, anaika ena obwezera ku AC. Vuto lake ndi lakuti nthambo ya DC siipatuka wamba. Ili ngati basi imene imanyamuka pa depoti n'kukaima pa depoti, osatsitsa munthu panjira. Midzi ya ku Mozambique imene nthambo zija zimadutsa pamwamba pake inkangozionera m'mwamba, usiku n'kuyatsa koloboyi.

Madzi anayamba kudzaza m'damu kumapeto kwa 1974, ndipo pa 25 June 1975 Mozambique inalandira ufulu. Taganizani, mwini wamanga nyumba, tsiku lolowamo n'kukhala tsiku losamuka. Koma sanachoke chimanjamanja. Pokhala kuti ngongole yomangira inali pamutu pa Portugal, kampani yoyendetsa damuli, Hidroeléctrica de Cahora Bassa, inagawidwa motere: Portugal magawo 82 pa 100, Mozambique 18. Mtengo umene South Africa inkagulira unali wotsika kwambiri, ndipo wogulitsa analibe kwina kotengera katundu wake.

Kenako inabwera nkhondo yapachiweniweni, ija inabweretsa abale athu pafupifupi miliyoni imodzi kudzakhala ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena. M'zaka za m'ma 1980 a RENAMO anagwetsa nsanja zachitsulo mazanamazana za nthambo ija. Chodabwitsa n'chakuti RENAMO inkathandizidwa ndi asilikali a South Africa, dziko lomwe linkalandira magetsiwo. Koma Eskom inali itamanga malo ambiri opukusira magetsi ndi malasha moti inali ndi otsala, ndiye sizinaipweteke kwenikweni. Amene analira ndi wogulitsa. Damu linali lodzaza, makina anali abwinobwino, koma kwa zaka zoposa khumi ankangopukusa kachigawo kochepa zedi, ngongole ikungobereka chiwongola dzanja. Nthambo inakonzedwa nkhondo itatha mu 1992, ndipo magetsi anayambanso kuyenda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Apa pali china choseketsa koma chowawa. Popeza panalibe nthambo yaikulu yochoka ku Tete kutsikira kummwera, mzinda wa Maputo unkalandira magetsi a Cahora Bassa atazungulira kaye ku South Africa, kudzera m'nthambo za Eskom. Magetsi ako omwe, koma akubwera kudzera kwa neba. Mozambique inatenga ulamuliro wa damuli mu November 2007, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, italipira Portugal madola 700 miliyoni kuti magawo ake afike 85 pa 100. Zaka 32 chilandirire ufulu.

Pamene zonsezi zinkachitika, m'chigawo chino munabadwa msika weniweni. Mu 1995 maiko a SADC anakhazikitsa Southern African Power Pool, imene likulu lake loyendetsera malonda lili ku Harare. Magetsi ambiri amagulitsidwabe pa mapangano a zaka zambiri a makampani awiriawiri, koma palinso msika wa tsiku ndi tsiku. Kampani imene ikuona kuti mawa ikhala ndi otsala imanena kuchuluka kwake ndi mtengo umene ikufuna pa ola lililonse, imene ikuperewera imanenanso umene ingakwanitse, ndipo pamene mbali ziwirizi zakumana ndi pomwe pamakhala mtengo wa ola limenelo. Wokhala pakati, amene nthambo zake zadutsitsa katunduyo, amalandira yake ya msewu. Nthambo ikadzaza, malonda amathera pomwepo ngakhale wogula ali ndi ndalama m'manja.

ESCOM yathu inalowa nawo m'bungweli, koma popanda nthambo yaikulu yotilumikiza ndi anzathuwo. Umembala unalipo, njira yopitira kumsika kunalibe. Kuyambira pamene Nkula A inatsegulidwa mu 1966, tinaika pafupifupi zonse pa mtsinje umodzi wa Shire. Madzi atachepa mu 2016 ndi 2017 munaona nokha kuthimathima kuja, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka usiku umodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo, mwini chigayo, onse anadziwa tanthauzo lake. Dziko lolumikizidwa likanagulako kwa anansi mawa lake lomwe.

Mwayi womanga nthamboyo unalipo kale. Mu 2007 World Bank inavomereza ngongole ya ntchitoyi, koma boma la Bingu wa Mutharika silinapitirize, nkhani yaikulu inali ya ndalama zimene tikanamalipira. Ambiri amati kunali kulakwitsa, ndipo poona zimene zinatsatira ine ndimagwirizana nawo, ngakhale mantha akewo sanali opanda pake. Mapangano otere amafuna kuti uzilipira mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja, ndipo inu mukudziwa mmene forex imasowera kuno. Ntchitoyi inadzayambika nthawi ya Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi: nthambo ya makilomita 218 kuchoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, ndi pangano loyamba la mamegawati 50. Iyi ndi ya AC, ndipo magetsi angathe kuyenda mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti tsiku limene tili ndi otsala tingagulitsenso.

Koma musaiwale chaka cha 2024. Mvula itavuta, madzi a ku Kariba anatsika mpaka anthu a ku Lusaka ankakhala maola oposa 20 patsiku opanda magetsi, pamene Zambia ili pakatikati pa msika uja, nthambo zili mbali zonse. Kariba ndi Cahora Bassa zimamwa Zambezi mmodzi yemweyo, ndipo chaka chimenecho ogula anachuluka kuposa ogulitsa.