Bwato la wophunzira: mbiri ya ku Chembe imene mabuku anaidumpha

Mbiri ya Chembe imene tinaphunzira kusukulu ndi ya zombo za alendo zokhazokha. Mu 1861 David Livingstone anadutsa pano pa boti lamatabwa limene anthu analinyamula kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo malo ano anawapatsa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 kunafika Ilala yoyamba ija, sitima yoyendera nthunzi ya amishonale a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young ndi Dr Robert Laws. Nayonso inadutsa mathithi aja ili zidutswazidutswa pamitu ya amtengatenga. Malungo atawasautsa, amishonalewo anasamukira ku Bandawe mu 1881, n'kutisiyira manda aja ali m'tsinde mwa phiri. Mu 1949 ndi 1950, ndege za BOAC zotera pamadzi zinkaima pano pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Zonsezi zinabwera n'kupita.

Bwato ndiye linalipo iwowa asanafike, ndipo lilipobe mpaka lero. Ine ndinakulira pagombe lino, ndipo ndakhala ndikudzifunsa kuti chinthu chogubuduzika msanga chonchi chakhalitsa bwanji zaka mazanamazana. Yankho limene ndalipeza n'lakuti m'badwo uliwonse unkadziwa kusankhira mwana bwato loti aphunzirirepo. Nzeru imeneyi sinalembedwe pena paliponse, koma popanda iyo sipakanakhala msodzi.

Tiyambire kumtengo. Bwato ndi thunthu limodzi logobedwa ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Akale ankafuna mitengo ikuluikulu yolimba ngati mbawa, chifukwa bwato lake limapirira madzi zaka zambiri. Mmisiri ankasiya kukamwa kwa bwato kuli kopapatiza, milomo yake itapindikira m'kati, kuti mafunde asamalowe wamba. N'chifukwa chake wopalasa wa kunyanja kuno amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo ili m'kati, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mwakhala pamwamba chonchi, thupi lanu lonse ndi sikelo. Mukangopendekeka pang'ono, bwato lamva kale.

Ndiye poti palibe mitengo iwiri yofanana, palibenso mabwato awiri ofanana. Lina limakokera kumanzere chifukwa mtengo wake unali wokhota. Lina n'lalitali, lowonda, lothamanga ngati ncheni koma lokana kukhota. Lina n'lalifupi, lamimba, laulesi pamadzi, koma ukalakwitsa limakukhululukira.

Amalume anga, amene anakalambira pa usodzi wa usipa, anali ndi mabwato awiri. Lalitali lija sankalola mwana aliyense kulikhudza. Ukawapempha ankangoti, "Mphwanga, limenelo limafuna munthu amene wasiya kuganiza za nkhafi. Iwe tenga lamimbali." Ife ana tinkaona ngati n'kumana chabe. Koma taganizani: bwato lalitali limakhazikika likayamba kuthamanga, ndipo kuti likhote pamafunika mphamvu ndi malo aakulu. Mwana alibe liwirolo, alibenso mphamvuzo. Akakwera lotere amaphunzira chinthu chimodzi basi, mantha. Pamene lalifupi limayankha pompopompo. Wapinda nkhafi kumapeto kwa kupalasa, mphuno yabwerera pamzere. Wapendeka chiuno, bwato lazungulira. Thupi limamva lokha kuti chimene ndachita ndi ichi, chotsatira chake ndi ichi.

Ngakhale nthawi ndi malo ankasankha. Tinkaphunzira m'mamawa nyanja ili zii, pafupi ndi mchenga poti ukagwa umaima. Kuwolokera ku Thumbi kunali mayeso, osati phunziro loyamba. Zopita kuseri kwa Domwe m'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, zinali za akuluakulu okha. Ndipo mapeto a sukulu yonseyi mumawaona usiku pa chilimira: maboti amatabwa agwira khoka, koma munthu amene aliyense akumudalira ndi siginala, yekhayekha pa bwato la nyali, akukokera usipa m'khokamo mosaphokosera madzi. Siginala aliyense amene ndikumudziwa anayambira pa kabwato kamimba.

Mwina muziti izi n'zakumudzi chabe, zopanda sayansi. Ndiye ndikupatseni chitsanzo cha kutali kwambiri, kumene kulibe bwato ngakhale limodzi, koma anthu anafika pa nzeru yomweyi. Ambiri mwaonapo pa TikTok kapena YouTube anthu akutsetsereka pa mapiri a chipale chofewa ataima pa thabwa limodzi, lija amati snowboard. Masewerawa ndi a dzulodzuloli poyerekeza ndi bwato, ndipo chosangalatsa n'chakuti nawonso anabadwira m'mphepete mwa nyanja. Mu 1965 ku Muskegon, tauni ya pagombe la Lake Michigan ku America, bambo wina dzina lake Sherman Poppen analumikiza timatabwa tiwiri totsetserekera kuti ana ake aakazi aziseweretsa. Chidolecho chinatchedwa Snurfer. Mu 1977 Jake Burton Carpenter anayamba kupanga matabwa ake ku Vermont, ndipo pofika 1998 masewerawa analowa mu Olympics ku Nagano, m'dziko la Japan.

M'zaka za m'ma 1980 matabwawa anagawikana. Ena anapita kodumphadumpha ndi kuzungulira m'malere, atavala nsapato zofewa. Ena anasankha liwiro, ndipo thabwa lawo, lotchedwa alpine, linakhala lowonda ndi lolimba, lokwera ndi nsapato zapulasitiki zouma gwa, mapazi ataloza kutsogolo. Luso lawo lalikulu ndi kukhota mopendeketsa thabwa kuti liyende ndi m'mphepete mokha, n'kusiya kamzere kamodzi kopyapyala ngati kuti wadula ndi mpeni, osakhwekhwereza. Chinsinsi chili m'kapangidwe: thabwalo n'lowonda pakati kusiyana ndi kumapeto, ndiye ukalipendeketsa n'kuliponda limapindika, ndipo kupindikako ndi kumene kumakukhotetsa.

Tsopano tamverani malangizo amene aphunzitsi a masewerawa amapereka kwa oyamba kumene. Thabwa la mpikisano wa giant slalom la amuna nthawi zambiri limafika masentimita 180 kapena kuposerapo, n'lolimba kwambiri, ndipo silipindika pokhapokha ukuthamanga zedi. Wophunzira akagula limenelo chifukwa choti waliona kwa katswiri, limangomutenga kupita naye kumene likufuna. Amalangizidwa kuyamba ndi lalifupiko, lofewako, lokhota pamalo aang'ono ngakhale ukuyenda pang'onopang'ono, logwirizana ndi kulemera kwa thupi lake, ndiponso lotambalala mokwanira kuti nsapato zisamakhule pansi akapendekeka. Amalume anga sanaonepo chipale chofewa m'moyo wawo, ngakhale cha ku Lesotho kuja amatsetserekako pa Afriski. Koma mawu awo ndi omwewa ndendende: tenga lamimbali.

Kusiyana kwake ndi kumene kumandipweteka mtima. Anzathuwo m'zaka makumi asanu ndi limodzi zokha nzeru yawo anailemba, anaiyeza ndi manambala, ndipo fakitale imapanga thabwa la wophunzira tsiku lililonse. Yathuyi ili m'mitu ya nkhalamba, ndipo fakitale yake ndi nkhalango imene ikutha.

Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO inaika pakiyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Chembe inatsala ngati mudzi wozunguliridwa ndi paki. Kuteteza mapiriwa kunali koyenera, ndipo popanda lamulolo bwenzi pano pali miyala yokhayokha. Koma tanthauzo lake n'lakuti mtengo wa bwato uyenera kuchokera kwina, ndipo kwinakonso mitengo ikuluikulu yasowa chifukwa cha makala, minda ndi macheka. Amisiri ambiri masiku ano amagoba mitengo yofewa ngati mango ndi nsangu, imene sichedwa kung'aluka. Yendani pagombe muwerenge zigamba za malata, mapulasitiki ndi phula pa bwato lililonse, muona nokha.

Bwato likakwera mtengo chonchi, banja limagula limodzi lokha, ndipo limagula lantchito, loti lizibweretsa ndiwo. La mwana liiwaleni. Ndiye mwana wa lero amaphunzirira pa bwato la bambo ake, lalikulu ndi lolemera, kapena pa chibwato chotayidwa chimene chimamwa madzi ngati dengu. Ena amadumphiratu sitepe yonseyi n'kukwera boti la injini ali anyamata. Injini ndi yabwino, aise, sindikukana. Koma tsiku limene idzazime pakati pa Domwe ndi Mumbo mphepo itayamba, chimene chidzakubweretse kumtunda ndi nkhafi komanso thupi lodziwa kumvera madzi.

Chodabwitsa n'chakuti chombo cha wophunzira chinabwereranso ku Chembe kudzera khomo lina. Makayaki amene malo ogona alendo amabwereketsa amapangidwa dala otambalala ndi okhazikika, kuti munthu wochokera ku London amene sanagwirepo nkhafi akazungulire Otter Point n'kubwera wouma. Eni ake amadziwa kuti mlendo sungamuyambitse ndi chombo cha katswiri. Mwana wobadwira pompano ndi amene watsala wopanda chake.

Kwa inu amene muli ndi mng'ono, mwana kapena mphwanu amene wayamba kuyang'ana nyanja ndi maso a njala, nazi zimene akale ankayang'ana. Bwato likhale lalifupi moti mwanayo angathe kulikankhira yekha m'madzi ndi kulikokera pamchenga. Pansi pake pakhale potambalala. Likhale lopanda ming'alu yoti azikhalira kukapa madzi m'malo mophunzira. Nkhafi ikhale ya msinkhu wake, osati ya bambo ake. Asanaphunzire kupalasa adziwe kusambira, ndipo tsiku lina mumugubuduze dala pamadzi osaya kuti adziwe kugwiritsa bwato lake likatembenuzika. Ngati banja limodzi silingakwanitse, mabanja atatu kapena anayi angathe kusonkherana kabwato kamodzi ka ana onse. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ndipo foni muli nayo m'manjayo ingathandize. Amisiri ogoba mabwato akadalipo m'midzi ya kuno ku Mangochi, ndipo asiginala okalamba amakhala pansi pa mitengo masana akusoka makoka. Afunseni kuti bwato labwino la mwana amalidziwa bwanji, mtengo uti umakokera mbali, mphepo iti imayamba ndi chizindikiro chanji. Jambulani mawu awo, mulembenso tsiku ndi mudzi. Za Ilala zinasungika chifukwa panali wina amene anazilemba. Za bwato zikudikira ife.