Kuchokera pa kwinini kufika pa sikelo: momwe kiliniki inafikira ku Lundazi

Pakiliniki ya kumudzi ku Lundazi safuna kalata, sapanganso tsiku. Mayi wabereka mwana wotentha thupi, agogo odzayezetsa BP, mnyamata amene wadzitema ndi khasu kudimba, onse amakhala pabenchi limodzi kudikira dzina lawo. Ambiri amaona ngati zinthu zakhala choncho kuyambira kale, chonsecho khomo lotseguka chotere ndi la dzulodzuloli, ndipo linatseguka movutikira.

Madokotala oyamba a boma la atsamunda kudera lino sanabwerere mabanja. Anabwerera kashembe. Mu 1910, akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa kachilombo ka kaodzera m'magazi a mzungu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, ndipo pofika 1912 Kinghorn ndi Yorke anali atatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire ndiye amafalitsa nthendayo. Boma linkaopa miliri yoti n'kusokoneza msonkho ndi ulendo wa amuna opita kumigodi. Choncho kaodzera ndi nthomba zinkasakidwa m'midzi, koma mwana wotsekula m'mimba ankasiyidwa m'manja mwa asing'anga, ndipo mayi wapakati ankadalira azamba a m'mudzi.

Amene anayamba kulandira aliyense wobwera ndi amishoni. Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia atakhazikika ku Embangweni, kutsidya kwa malire m'boma la Mzimba, mu 1902, mkazi wake Agnes, yemwe anali dokotala, ankaona odwala pomwepo. Malire sankaletsa munthu wodwala, poti Atumbuka, Angoni ndi Achewa a mbali zonse ziwiri ndi pachibale. Kenaka Livingstonia inatsegula mishoni ku Chasefu, Akatolika nawo anamanga ku Lumezi, kumene chipatala chawo chikugwirabe ntchito mpaka lero. Thandizo la masiku amenewo linali lochepa: kwinini wa malungo, kutsuka ndi kumanga zilonda, kuzula dzino, mankhwala a m'maso. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi anthu akuda ophunzitsidwa pamishoni, amene mayina awo mabuku ambiri sanawasunge, ngakhale kuti ndiwo ankakhala ndi odwala usana ndi usiku.

Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linati chipatala chikhale chaulere. Zipatala zazing'ono zinayamba kumera m'madera a mafumu, ndipo woziyendetsa kawirikawiri sanali dokotala weniweni koma wothandizira wophunzira za mankhwala, monga amene amaphunzitsidwa ku Chainama ku Lusaka. Kumudzi onse ndi "adokotala" basi, ndipo ulemuwo ndi wowayenera. Msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978 unalimbikitsa mfundo yomweyi, yoti thandizo loyambirira lifike kumene anthu amakhala.

M'zaka zimenezi ndi m'mene sikelo inazika mizu. Nzeru yolemba kulemera kwa mwana pakhadi mwezi ndi mwezi inachokera kwa David Morley, dokotala amene ankagwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria. Inafika kuno n'kusanduka mwambo. Mwana amakolekedwa pasikelo ya mbedza, nthawi zina pansi pa mtengo wa mango, namwino n'kulemba kadontho pakhadi, kenaka katemera wa chikuku, poliyo, kafumbata ndi chifuwa chachikulu. Mzere wa timadontho ukayamba kutsika, namwino amadziwa kuti kunyumbako kuli njala kapena matenda, mwana asanafooke n'komwe.  Nthomba yomwe inkasiya zipsera pankhope za makolo athu inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980.

Kenaka zinthu zinabwerera m'mbuyo. Chuma chitagwa ndi mtengo wa kopa, mashelefu a mankhwala anauma, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma latsopano la MMD linayambitsa zolipira. Ana aang'ono ndi okalamba sankalipitsidwa, komabe kwa mlimi wa thonje kapena mtedza amene ndalama amaiona kamodzi pachaka, kandalama kapawindo kankakwanira kumubweza. Inalinso nthawi imene Edzi inkapulula anthu, kolokwini naye atasiya kupha malungo. Anthu ankafika kuchipatala matenda atakula kale.

Kusintha kunabwera motsatizana. Mu 2002 Zambia inasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo, patsogolo pa mayiko ena a mu Africa. Mu 2005 ma ARV anakhala aulere m'zipatala za boma, ndipo mu Epulo 2006 pulezidenti Levy Mwanawasa anachotsa zolipira m'zipatala za m'maboma a kumidzi. Kuboola chala n'kudziwa za malungo m'mphindi zochepa kunalowa m'malo mwa kungoganizira.

Dzina la Lundazi linamveka kutali mu 2012, pamene linasankhidwa pamodzi ndi Nyimba, Kalomo ndi Mansa kuyamba ntchito ya Saving Mothers, Giving Life. Vuto lomwe ankalimbana nalo linali mtunda. Magulu a SMAG, amuna ndi akazi odzipereka a m'midzi momwemo, ankayenda khomo ndi khomo kukumbutsa amayi apakati za sikelo ndi zizindikiro zoopsa monga kutaya magazi ndi kutupa miyendo. Pambali pa zipatala zina panamangidwa nyumba zodikirira, kuti mayi wochokera kutali asayambe ulendo wa pangolo matenda atayamba kale. M'chaka choyamba chokha, imfa za amayi m'zipatala za maboma anayiwo zinatsika ndi 35 pa 100 iliyonse.

Mu 2018 Chasefu ndi Lumezi anapatulidwa kukhala maboma paokha, aliyense ndi ofesi yake ya zaumoyo. Kumtunda, kufupi ndi msewu wa ku Chipata, mayi angathe kupita kusikelo n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Kuchigwa, kwa Mwanya, Chitungulu ndi Kazembe, mvula ikagwa mitsinje imadzaza, misewu imaduka, ndipo mankhwala a dzinja lonse amayenera kufika mitambo isanayambe kuda.